Keepalived: maseva onse awiri akudzitcha MASTER, ndikonze pati?

wophunzira_linux

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru.

Pa ofesi tili ndi maseva awiri a Ubuntu 22.04, m'chipinda chimodzi, pa switch imodzi. Yoyamba ili pa 192.168.10.11, yachiwiri pa 192.168.10.12. Pa iliyonse pali HAProxy (yolandira anthu n'kuwatumiza ku pulogalamu yoyenera), pulogalamu yathu ya pa webu yolembera malisiti ndi katundu, ndi database ya PostgreSQL 14. Database ya pa seva yachiwiri ndi replica, imangokopera zimene yoyamba yalemba.

Tikufuna anthu azilowa pa adiresi imodzi, 192.168.10.10, ndipo yoyamba ikagwa yachiwiri izitenga adiresiyo payokha, osadikira munthu. Ndaika keepalived, pulogalamu yochita zimenezi, pa onse awiri. Koma ndikalemba `ip addr`, adiresi ya .10 ikuoneka uku ndi uku, ndipo log ya seva iliyonse ikuti "Entering MASTER STATE". Tsamba likutseguka bwinobwino, kenako mwadzidzidzi likutulutsa munthu n'kumufunsanso pasiwedi.

Chikuchititsa n'chiyani? Nanga zikakonzeka, pamadutsa masekondi angati seva ikagwa kuti inzake itenge?

kebulo_cat6

Achimwene, maseva anuwo iliyonse ikulankhula koma palibe imene ikumva inzake.

Keepalived imayendera VRRP, njira imene makina amagwirizanirana kuti adiresi imodzi ikhale pa ndani. Seva imene ili MASTER imatumiza kauthenga sekondi iliyonse konena kuti ilipo, pamodzi ndi priority yake. BACKUP siyankha, imangomvetsera, ndipo ikaona kuti kwati zii imaganiza kuti inzake yafa n'kutenga adiresi. Mauthengawa si TCP kapena UDP, alibe port. Ndi protocol nambala 112, ndipo mukapanda kusintha kanthu amapita ku adiresi ya multicast 224.0.0.18. Apa ndi pamene ambiri amakodwa: amatsegula 80, 443 ndi 22 mu firewall, VRRP n'kutsala panja.

Musanasinthe kalikonse, lembani ichi pa maseva onse awiri nthawi imodzi:

```
tcpdump -ni ens18 'ip proto 112'
```

M'malo mwa ens18 ikani dzina la khadi yanu. Zinthu zikakhala bwino mumaona adiresi imodzi yokha ikutumiza. Mukaona .11 ndi .12 zonse zikuoneka pa seva imodzi, mauthenga akufika koma akutayidwa m'kati, chifukwa tcpdump imawaona firewall isanawagwire. Pamenepo wolakwa ndi ufw (firewall ya Ubuntu) kapena config. Seva iliyonse ikamangoona ake okha, ndi switch kapena hypervisor imene ikumeza multicast.

Ngati ndi ufw, tsegulani /etc/ufw/before.rules, muike mzere uwu pamwamba pa COMMIT, kenako `ufw reload`:

```
-A ufw-before-input -p 112 -s 192.168.10.0/24 -j ACCEPT
```

Ku config yang'anani zitatu: `virtual_router_id`, `advert_int` ndi `auth_pass` zifanane mbali zonse. Pa `auth_pass` zilembo 8 zoyamba zokha ndizo zimawerengedwa. Ndipo pa `virtual_router_id`, nambala 51 imene aliyense amakopera pa intaneti musaigwiritse ntchito. Ngati pa VLAN yomweyo pali rauta ina ya VRRP imene inakoperanso 51, mudzasokonezana, ndipo CARP ya pfSense nayonso imadutsa pa protocol 112 yomweyo. Sankhani nambala ina pakati pa 1 ndi 255 imene palibe akuigwiritsa ntchito.

Pa maseva awiri okha ndi bwino kungochoka pa multicast n'kupita pa unicast. Config ya seva yoyamba ikhale chonchi:

```
global_defs {
    enable_script_security
    script_user keepalived_script
}

vrrp_script ona_haproxy {
    script "/usr/bin/curl -sf -o /dev/null -m 1 http://127.0.0.1:8404/moyo"
    interval 2
    fall 2
    rise 3
    weight -30
}

vrrp_instance OFESI {
    state BACKUP
    interface ens18
    virtual_router_id 73
    priority 110
    advert_int 1
    unicast_src_ip 192.168.10.11
    unicast_peer {
        192.168.10.12
    }
    virtual_ipaddress {
        192.168.10.10/24
    }
    track_script {
        ona_haproxy
    }
}
```

Pa yachiwiri priority ikhale 100, ndipo maadiresi awiri a unicast musinthanitse. Akaunti ya keepalived_script muipange nokha ndi `useradd -r -s /usr/sbin/nologin keepalived_script`. Mu HAProxy onjezani:

```
frontend moyo
    bind 127.0.0.1:8404
    mode http
    monitor-uri /moyo
```

Zitsanzo zambiri zimaika `killall -0 haproxy` pa script. Iyo imangoona ngati process ilipo, ngakhale itauma osayankha aliyense, pamene curl imafunsa HAProxy kuti iyankhedi. Komanso killall ikayendetsedwa ndi akaunti imene si root imakanizidwa kukhudza process ya akaunti ina, ndiye script imalephera nthawi zonse HAProxy ili bwinobwino.

Masamu a weight muwasamale. 110 kuchotsa 30 ndi 80, ndipo 80 ndi yochepa kwa 100, choncho yachiwiri imalanda. Mukaika priority 150 ndi 100 weight ili -30, yoyamba imatsikira pa 120 n'kukhalabe MASTER HAProxy itafa.

Chinanso: ngati HAProxy yanu ili ndi `bind 192.168.10.10:443`, pa seva ya BACKUP ikana kudzuka chifukwa adiresiyo palibe. Ikani `net.ipv4.ip_nonlocal_bind=1` mu fayilo ya mu /etc/sysctl.d/ n'kulemba `sysctl --system`.

Za nthawi: seva ikazima, BACKUP imadikira `advert_int` katatu, kuphatikiza kachidutswa kochokera ku priority yake: 256 kuchotsa 100, kugawa ndi 256. Zonse pamodzi ndi masekondi 3.6. Ikafa HAProxy yokha, onjezani masekondi pafupifupi 4 oti script ilephere kawiri, ndiye muyembekezere 7 kapena 8.

mlonda_wa_seva

Zimene anena a kebulo_cat6 nzoona. Ndiwonjezerepo za pamene seva yakufa ija yadzuka.

Ndi config imeneyo, yoyamba ikangodzuka imalandanso adiresi chifukwa priority yake ndi yaikulu. Anthu amadulidwa kawiri, ndipo seva ikakhala yodwaladwala adiresi imangopita uku ndi uku tsiku lonse. Mankhwala ake ndi `nopreempt` pa maseva onse awiri, onse ali `state BACKUP`. Koma mukaika `nopreempt`, chotsani mzere wa `weight`. Chifukwa chake: weight imangotsitsa priority, pamene nopreempt imauza BACKUP kuti isalande adiresi kwa MASTER imene ikulankhulabe, ngakhale priority yake itatsika bwanji. Zikakhala pamodzi, HAProxy imafa koma adiresi osasuntha. Popanda weight, script ikalephera seva imalowa FAULT n'kusiya adiresi yokha. Chenjezo lake ndi loti script isamayese zinthu zimene maseva onse awiri amadalira, monga database. Database ikagwa onse alowa FAULT, ndipo .10 isowa pa netiweki yonse.

Adiresi ikasamuka, makompyuta ndi rauta amakhala akusungabe MAC (nambala ya khadi ya netiweki) ya seva yakale mu ARP, kaundula wosonyeza kuti adiresi ili pa khadi iti. Keepalived imatumiza gratuitous ARP kuwadziwitsa, kenako imabwereza patatha masekondi 5. Switch yokhala ndi Dynamic ARP Inspection ikhoza kutaya mauthengawa, ndipo rauta imene sinawamve imapitiriza kutumiza kwa wakufa. Pa marauta a Cisco, ARP imasungidwa maola 4 mukapanda kusintha. Chizindikiro chake: `ip addr` ikuonetsa kuti adiresi yasamuka, makompyuta a pa VLAN yomweyo akulowa, koma a pa VLAN ina kapena pa VPN sakulowa. Ikani `garp_master_refresh 60` kuti MASTER izibwereza mphindi iliyonse. Pa AWS ndi kwina kotere njira ya ARP sigwira n'komwe, adiresi imasunthidwa kudzera pa API yawo, koma inu muli pa switch yanu, sizikukukhudzani.

Zotulutsidwa m'tsamba zija sizithera pa kukonza VRRP. Zikuonetsa kuti pulogalamu yanu imasunga ma session (zokumbukira kuti munthu walowa kale) pa disiki kapena mu memory ya seva iliyonse payokha, ndiye tsiku la failover yeniyeni, pamene seva ina ikutenga ntchito ya yakugwa, aliyense adzatulutsidwanso. Asamutsireni mu database kapena mu Redis. N'chimodzimodzi mafayilo amene anthu amakweza, satifiketi ya TLS ndi haproxy.cfg: zimene zili pa yoyamba zikhalenso pa yachiwiri, ndipo pakhale chozikopera chokha, osadalira kuti wina akumbukira. Malumikizidwe a TCP amene anali otseguka amaduka ndithu, pulogalamu iyenera kudziwa kulumikizanso.

Koma chimene chandidetsa nkhawa kwambiri m'funso lanu ndi mawu akuti "switch imodzi". Maseva awiri pa switch imodzi ndi UPS imodzi, ikafa switchyo onse apita. Ngati ndalama zilola, gulani yachiwiri, seva iliyonse ikhale ndi makebulo awiri mu bond ya active-backup, `miimon` 100, kebulo imodzi ku switch iliyonse. Ma port a maseva muwaike pa portfast kapena edge. Spanning tree yakale imagwira port masekondi 30 isanayambe kudutsitsa kanthu, ndipo pa masekondi 30 amenewo seva yongodzuka kumene siimva inzake, imadzitcha MASTER.

wophunzira_linux

Zikomo kwambiri nonse awiri. Inali ufw: tcpdump imaonetsa maadiresi onse awiri, ndipo nditaika mzere uja yachiwiri yabwerera pa BACKUP. Ndaika nopreempt, weight ndachotsa.

Tsopano database. Ndaona kuti keepalived ili ndi `notify_master`. Kodi ndingaikemo script yoti seva ikatenga adiresi izichita `pg_ctl promote` pa replica, kuikweza kuti iyambe kulandira zolemba? Zikuoneka zosavuta kusiyana ndi kuika mapulogalamu ena.

njovu_pg

Chonde musatero, achimwene. Ganizirani zimene zinali kuchitika pa maseva anu mpaka lero: mzere umodzi wosowa mu firewall unapangitsa onse awiri kukhala MASTER. Script imeneyo ikanakhalapo, replica ikanakwezedwa pomwepo, ndipo mukanakhala ndi ma database awiri olandira malisiti, theka la anthu uku theka uko.

Adiresi ikakhala pawiri, mukakonza waya zimatha. Database siitero. Replica ikangokwezedwa imayamba timeline yake ndipo siibwereranso pambuyo pa inzake. Ma sequence amapitiriza kuchokera pafupifupi pamalo amodzi, ndiye lisiti nambala yomweyo imaperekedwa kwa makasitomala awiri osiyana. Palibe lamulo la PostgreSQL lophatikiza ziwirizo. Mumasankha imodzi, ndipo za mu inayo wina amazilowetsanso pamanja mzere ndi mzere.

Gwero la vutoli ndi loti makina awiri okha sangasiyanitse "mnzanga wafa" ndi "waya wa pakati pathu waduka". Kwa amene akumvetsera, zonse ziwiri ndi chete yemweyo. Pamafunika wachitatu woti ambiri apambane pa voti. Pa makina 3 mavoti awiri amakwana, ndiye amodzi akhoza kufa ntchito n'kumayendabe. Pa makina 2 mavoti ofunika ndi awiri omwewo, kufa kwa amodzi kumaimitsa zonse. Makina 4 amapirira imfa imodzi yokha, mofanana ndi 3, ndipo 5 amapirira ziwiri.

Pa PostgreSQL njira yodziwika ndi Patroni, pulogalamu yoyang'anira kuti database yolandira zolemba ndi iti, pamodzi ndi etcd, imene imayendetsa votiyo. Muike etcd pa makina atatu: maseva anu awiri ndi kamakina kachitatu. Kachitatuko sikasunga database, choncho kakhoza kukhala kakompyuta kakang'ono, koma kakhale ndi SSD chifukwa etcd imadikira disiki pa chilichonse chimene yalemba ndipo disiki yochedwa imayambitsa zisankho zosafunika. Kasakhale VM pa imodzi mwa maseva awiriwo, apo ayi seva imeneyo ikazima mavoti awiri apita limodzi. Tsegulani 2379 ndi 2380 za etcd, 8008 ya Patroni ndi 5432 pakati pa makinawo.

Kayendedwe kake n'kotere. Primary, database imene ikulandira zolemba, imagwira kiyi mu etcd imene imatha pakapita `ttl`, masekondi 30, ndipo imaikonzanso pa `loop_wait` iliyonse, masekondi 10. Ikalephera kufikira mavoti ambiri, Patroni imaitsitsa yokha kuti isalandirenso zolemba, kiyiyo isanathe. Replica imakwezedwa pokhapokha kiyi itatha ndipo iyo yakwanitsa kuigwira. Mukafuna kuchepetsa nambalazi sungani lamulo lake: `ttl` isachepere `loop_wait` kuphatikiza `retry_timeout` kawiri. Zonse ziwiri zikakhala 10, yankho ndi 30 yomweyo. Ine ndikanazisiya momwemo. Kudikira masekondi 30 kapena 45 pa ofesi si kanthu poyerekeza ndi failover yochitika chifukwa netiweki yangotsamwa pang'ono.

Bwanji Patroni yeniyeniyo ikauma, kapena VM ikaima kanthawi, PostgreSQL n'kumalandirabe zolemba kiyi itatha? Pamenepo pamafunika watchdog, mlonda wa mu makina amene Patroni imayenera kumugwedeza pafupipafupi. Lembani `modprobe softdog`, perekani /dev/watchdog kwa akaunti ya postgres, ndipo mu patroni.yml muike watchdog pa `mode: required`. Patroni ikasiya kuigwedeza, makinawo amadzizimitsa n'kuyambanso. Seva ikakhala ndi watchdog ya hardware, imeneyo ndi yabwino kuposa softdog.

Pulogalamu yanu isalumikize ku .11 kapena .12 mwachindunji. Ipite ku 192.168.10.10 pa port 5000, HAProxy ndiyo izifunsa kuti primary ndi iti:

```
listen postgres
    bind *:5000
    mode tcp
    option httpchk GET /primary
    http-check expect status 200
    default-server inter 3s fall 3 rise 2 on-marked-down shutdown-sessions
    server pg1 192.168.10.11:5432 check port 8008
    server pg2 192.168.10.12:5432 check port 8008
```

Patroni ya pa primary imayankha 200, ya pa replica 503, ndiye mu tsamba la stats seva imodzi imaoneka yofiira nthawi zonse. Ndi momwe ziyenera kukhalira. Mawu akuti `on-marked-down shutdown-sessions` musawasiye: amadula malumikizidwe otsalira pa primary yakale. Muonanso kuti pamenepa adiresi ya .10 ndi primary ya database siziyenera kukhala pa seva imodzi, chilichonse chimasamuka pachokha.

Pali chisankho chimodzi chimene si cha ife a makina tokha, mukambirane ndi a ku akaunti. Replication wamba ndi asynchronous: primary imauza pulogalamu kuti zalembedwa replica isanalandire, choncho ikazima mwadzidzidzi zolemba zomaliza zikhoza kutayika. `maximum_lag_on_failover` pa 1048576 imangoletsa kukweza replica yotsalira kuposa 1 MB, siiletsa kutaya kochepera apo. Pa malisiti a ndalama ikani `synchronous_mode: true`. Chilichonse chimadikira replica, ndipo pa LAN kuchedwa kwake n'kochepa. Replica ikafa, Patroni imalola primary kupitiriza yokha, pokhapokha mutaika `synchronous_mode_strict`, imene imaimitsa zolemba mpaka replica ibwere.

Kuti primary yakale ikadzuka ibwerere ngati replica popanda kukopera database yonse, ikani `use_pg_rewind: true` ndi `wal_log_hints: on`. Ikaninso `max_slot_wal_keep_size`, chifukwa replica ikakhala yozima sabata yathunthu slot yake imasunga WAL (kaundula wa zosintha zimene replica iyenera kulandira) mpaka disiki ya primary kudzaza, n'kugwetsa seva imene inali bwinobwino. Dziwaninso kuti PostgreSQL yokha ikagwa makina ali moyo, Patroni imayamba yayesa kuidzutsa, ndipo imapatsidwa masekondi 300 pa `primary_start_timeout`, imene kale inkatchedwa `master_start_timeout`.

Replica si backup. Wina akalemba DELETE molakwa, replica imafufutanso sekondi yomweyo. Pakhale pgBackRest kapena chofanana nacho, chosunga kunja kwa chipindacho.

Ngati makina achitatu sangapezeke pakali pano, siyani keepalived isamutse adiresi yokha, database muzikweza pamanja: zimitsani yoyamba mpaka kuizula pa magetsi, tsimikizani kuti yazimadi, kenako `pg_ctl promote` pa yachiwiri. Mphindi 10 zodikira munthu zimapiririka kusiyana ndi ma database awiri osiyana.

mlonda_wa_seva

A njovu_pg afotokoza mokwanira. Ine nditsindike kayesedwe, chifukwa `systemctl stop keepalived` imanamiza. Keepalived ikaimitsidwa mwaulemu imatumiza priority 0 kutsanzika, ndipo inzake imatenga pasanathe sekondi. Seva yeniyeni ikamafa sitsanzika.

Yesani madzulo anthu ataweruka, pa kompyuta ina pakuyenda ping ku .10 ndi script yolemba mzere umodzi mu database sekondi iliyonse, kuti pamapeto muwerenge mizere yosowa. Zulani kebulo ya magetsi ya MASTER. Ibwezereni, muone ngati yabwerera ngati BACKUP ndi replica popanda kuigwira. Zulani kebulo ya netiweki yokha makina ali moyo, mudikire mphindi ziwiri, mulowe pa kiyibodi yake muone ngati PostgreSQL yasiyadi kulandira zolemba: `select pg_is_in_recovery();` iyankhe t, kapena database ikhale yoima. Imitsani HAProxy ndi `kill -STOP` kuti iume osafa. Zimitsani kamakina kachitatu kokha, pasasinthe kanthu. Kenako zonsezi muzibwereze mbali inayo.

Yomaliza ndi imene imachitika kawirikawiri kwathu kuno: magetsi azima, jenereta yachedwa, batire la UPS latha, zonse zazima limodzi n'kuyakanso limodzi. Mu BIOS ya makina onse atatu ikani kuti aziyaka okha magetsi akabwera. Switch ya managed nthawi zambiri imachedwa kudzuka kuposa seva ya SSD, ndiye ikani `vrrp_startup_delay 60` mu global_defs, kapena nambala yoposa nthawi imene switch yanu imatenga mutaiyeza ndi wotchi. UPS ilumikizidwe ndi NUT, pulogalamu yowunika UPS, kuti maseva azizima mwadongosolo batire likatsala pang'ono, ndipo kamakina kachitatu ndi seva imodzi zikhale pa UPS ina ngati ilipo.

`notify_master` ija ili ndi ntchito yake yabwino: izitumiza uthenga ku foni kapena imelo yanu nthawi iliyonse adiresi yasamuka, ndipo `notify_fault` ichitenso chimodzimodzi. Failover ikayenda bwino palibe amene amadandaula, ndiye mukhoza kukhala milungu pa seva imodzi osadziwa. Pa database, chowunikira chanu chiziona `patronictl list`: pakhale Leader mmodzi, replica ikhale ikulandira, ndipo lag ikhale 0 kapena pafupi.

wophunzira_linux

Ndamva, script ya promote ndaisiya. Pali kakompyuta ka SSD kamene kangakhale kachitatu, ndikaika pa UPS ya chipinda china. Funso lotsala: DNS ndi DHCP za mu ofesi zilinso pa seva yoyamba. Nazonso ndiziike pa adiresi ya .10?

kebulo_cat6

DHCP ayi. Ma lease (kaundula wa adiresi imene kompyuta iliyonse yabwerekedwa) ndi deta, ndipo maseva awiri osauzana adzapereka adiresi imodzi kwa makompyuta awiri. Gwiritsani ntchito Kea, pulogalamu ya DHCP, ndi hook yake ya high availability pa hot-standby, imene imakopera ma lease yokha. ISC DHCP yakale ili ndi failover yakenso, koma eni ake anasiya kuikonza mu 2022, musayambe nayo ntchito yatsopano.

DNS ikani pa maseva onse awiri, yachiwiri ikhale secondary yokoka zone kwa yoyamba. Mukhoza kungopereka .11 ndi .12 kudzera mu DHCP, koma yoyamba ikafa Linux wamba imadikira masekondi 5 pa funso lililonse isanafunse yachiwiri, ndipo anthu amaona ngati intaneti yonse yalemera. Choncho perekani .10 poyamba, .12 pambuyo, ndipo muonetsetse kuti DNS ikumvetsera pa .10 adiresiyo ikangofika: yesani ndi `dig @192.168.10.10` mutangozula kebulo ya MASTER.